Kodi chifundo ndi chilungamo tinabadwa nazo, kapena tinachita kuphunzitsidwa?

A Mwale, Salima boma

Ndine mphunzitsi wa Biology pa sekondale ina kuno ku Salima, ndipo ndikupempha nzeru kwa amene anaiwerenga mozama nkhani ya chisinthiko cha zamoyo. Mu Fomu 4 timaphunzitsa kuti zamoyo zimabereka ana ambiri kuposa amene angakule, kuti anawo amasiyana pang'ono m'matupi ndi m'machitidwe, ndiponso kuti amene ali ndi zowathandiza kupulumuka ndi kubereka ndi amene amasiya mbewu, motero m'kupita kwa mibadwo mtundu wonse umasintha. Tikamafotokoza za nsomba za m'nyanja yathu ino, zimene zinachokera ku makolo ochepa n'kukhala mitundu mazanamazana, mfundoyi imamveka ndipo ophunzira satsutsa. Vuto limabwera tikafika pa khalidwe la munthu.

Ngati chilengedwe chimakondera wodzisamala yekha, n'chifukwa chiyani msodzi amadziponya m'madzi nthawi ya mwera kuti apulumutse munthu amene sakumudziwa n'komwe? N'chifukwa chiyani munthu amene wanamiza mnzake amasowa tulo ngakhale palibe wadziwa? Malinga ndi mmene ndikuimvera mfundoyi, woyenera kusiya ana ambiri ndi munthu wodya yekha ndi wothawa pangozi, ndipo pofika lero anthu achifundo akanatha padziko. Komabe sanathe, ndipo mtundu uliwonse wa anthu uli ndi malamulo oletsa kupha mnzako, kuba ndi kunama, ngakhale kuti malamulowo amasiyana m'zambiri.

Tsono ndikufunsa zinthu ziwiri. Kodi pali umboni wotani wosonyeza kuti chifundo, manyazi ndi kudana ndi chinyengo tinazitengera kwa makolo akalekale m'thupi momwe, osati kungophunzitsidwa pakhomo, kutchalitchi, kumzikiti, kudambwe kapena kuchinamwali? Ndipo ngati umboniwo ulipo, kodi ndiye kuti chabwino ndi choipa ndi nkhani ya thupi basi? Ophunzira anga ambiri ndi opemphera, ndipo sindikufuna kuwapatsa yankho lopepuka lowachititsa kuganiza kuti ayenera kusankha pakati pa chikhulupiriro chawo ndi mayeso a MSCE.

A Naphiri, Chipoka

Aphunzitsi, funso lanu loyambalo linamuvutanso Charles Darwin mwiniwake. M'buku lake la mu 1871 lofotokoza za chiyambi cha munthu, iye anavomereza kuti munthu wolimba mtima amene amafera anzake nthawi zambiri amafa asanasiye ana, kotero sizionekeratu mmene khalidwe lotere lingachulukire. Maganizo ake anali akuti nyama iliyonse yokhala m'magulu, yokonda ana ake ndi zinzake, ingakhale ndi chikumbumtima itangopeza nzeru zokumbukira zimene inachita dzulo n'kuziyerekeza ndi zimene gulu limayembekezera, ndiponso kuti fuko lokhala ndi anthu ambiri othandizana limapambana mafuko ena. Masamu a nkhaniyi anadzalongosoka patapita zaka zoposa 90.

Mu 1964 William Hamilton wa ku England anasonyeza kuti chimene chimachuluka kapena kuchepa m'mibadwo ndi majini (genes pa Chingerezi, tinthu ta m'thupi timene mwana amatengera kwa makolo ake), ndipo majini a munthu sali mwa iye yekha. Mwana wanu ali ndi theka la majini anu, m'bale wanu wa mayi mmodzi ndi bambo mmodzi chimodzimodzi, mwana wa mlongo wanu ali ndi gawo limodzi mwa magawo 4, ndipo msuweni ali ndi gawo limodzi mwa magawo 8. Choncho majini ochititsa munthu kuthandiza abale angathe kuchuluka ngakhale mwiniwakeyo atataya kanthu, malinga ngati phindu limene abalewo apeza, mukalichepetsa molingana ndi kutalika kwa ubalewo, likuposa chimene iye wataya. Umu ndi mmene timamvetsera njuchi zantchito zimene sizibereka koma zimafa poteteza mng'oma. Pafupi ndi ife pali kampango, amene wamwamuna ndi wamkazi amalondera ana pachisa kwa milungu yambiri, wamkaziyo n'kumaikira mazira osaswa kuti anawo adye. Kampango sawerengera chilichonse. Chimene chinasankhidwa ndi mtima wofuna kulondera. Mwa nyama zoyamwitsa mtima umenewu unakula kwambiri, pakuti mwana woyamwa amafa ngati mayi ake savutika mumtima akamamva kulira kwake, ndipo akatswiri ambiri amaona kuti chifundo chinayambira pamenepa chisanafalikire kwa ena.

Ife a chikamwini tili ndi chitsanzo cha pakhomo. Mwa Achewa mwinimbumba ndi malume, ndipo kale iwo ndiwo anali ndi mawu pa ana a mlongo wawo kuposa bambo wobereka. Richard Alexander ananena mu 1974 kuti mwambo wotere umabuka kumene mwamuna sangatsimikize kuti ana a mkazi wake ndi ake, pamene mwana wa mlongo wake wa bere limodzi sakayikitsa. Mfundo imeneyi ine sindiilandira yonse, chifukwa masamu ake amafuna kuti kukayikitsako kukhale kwakukulu kuposa mmene zilili m'midzi yeniyeni, ndipo imanyoza amayi athu popanda umboni. Yomveka kwa ine ndi ya Clare Holden ndi Ruth Mace, amene mu 2003 anayerekeza mitundu 68, yambiri mwa iyo yolankhula zinenero za Chibantu, n'kupeza kuti mtundu ukayamba kuweta ng'ombe umakonda kusiya mzere wa kuchikazi n'kutsata wa kuchimuna. Kukonda abale n'kumodzi komwe kuno ndi ku Mzimba, koma njira imene chikondicho chimadzera imatsatira chuma: kumene kuli ng'ombe za malowolo chuma chimapita kwa mwana wamwamuna, kumene chuma ndi munda chimakhalira ana aakazi.

Musaganize kuti ubale nthawi zonse umabala chifundo. Rebecca Sear anafalitsa mu 2008 kafukufuku wa m'midzi ya chikamwini ya ku Malawi konkuno, ndipo anapeza kuti ana, makamaka aakazi, amafa mochulukirapo pamene agogo akuchikazi ndi abale aakazi a mayi alipo, makamaka m'mabanja mmene munda ndi wa mkazi. Iye anaona kuti chifukwa chake chingakhale kulimbirana malo, pakuti amene ali pafupi nawe m'magazi ndi amenenso mumadyera munda umodzi. Aliyense amene anakhalapo pabwalo la milandu ya minda sangadabwe nazo.

Umboni wina ndi wa anyani ndi wa makanda. Frans de Waal anafotokoza mu 1979 kuti anyani a mtundu wa chimpanzi a kumalo osungirako nyama ku Arnhem, m'dziko la Netherlands, akamenyana amabwererana n'kukumbatirana, ndipo ena amene sanali m'ndewumo amapita kukatonthoza wogonja. Mu 2003 iye ndi Sarah Brosnan anapatsa apusi a mtundu wa capuchin ntchito yofanana, wina n'kumulipira nkhaka, wina mphesa. Wolandira nkhaka uja, amene poyamba ankaidya bwinobwino, anayamba kuikana ataona mphesa ya mnzake. Koma onetsetsani kuti wolandira mphesa sanadandaule. Kukwiya pochepekedwa n'kwakale kwambiri, pamene kuchita manyazi chifukwa chochulukidwa kukuoneka kuti n'kwa anthu makamaka. Gulu la Michael Tomasello ku Leipzig, m'dziko la Germany, linasonyeza mu 2006 kuti ana a miyezi 18 amatolera munthu wachilendo chinthu chimene wagwetsa osauzidwa ndiponso osalipidwa, ndipo mu 2011 linasonyeza kuti ana a zaka 3 akakoka limodzi chingwe n'kupeza mphotho yosalingana, wochulukidwayo nthawi zambiri amagawirako mnzake, koma sachita zimenezo kwenikweni ngati mphothoyo yangobwera popanda ntchito ya limodzi. Achimpanzi sasiyanitsa ziwirizi. Tomasello amaganiza kuti kusiyana kumeneku kunayamba pamene anthu akale a mtundu wa Homo anafika poti munthu sangapeze chakudya payekha, ndipo mmodzi mwa akale kwambiri a mtunduwu nsagwada yake inapezeka ku Uraha ku Karonga mu 1991, ya zaka pafupifupi 2.4 miliyoni.

Pali kafukufuku mmodzi wotchuka amene ndikukuchenjezani kuti musamudalire m'kalasi. Mu 2007 akatswiri a ku yunivesite ya Yale ku America ananena kuti makanda a miyezi 6 ndi 10 amasankha kachidole kothandiza kinzake n'kukana kotchinga. Ena atabwereza m'malabotale ambiri a m'mayiko osiyanasiyana, ndi makanda oposa 1,000, anapeza kuti osankha kothandiza anali pafupifupi theka chabe.

A Banda, Senga Bay

Mayi Naphiri afotokoza bwino za abale, koma msodzi wa m'funso la aphunzitsi akupulumutsa mlendo, ndipo apa ndi pamene ine, amene ndimagwira ntchito ndi makomiti a m'madoko, ndingaonjezereko. Chilimira sichikokedwa ndi munthu mmodzi. Pamafunika anthu pafupifupi 10, ndipo alovi, ndiwo asodzi ogwira ntchito m'bwato limodzi, kawirikawiri si apachibale: wina ndi Mtonga wa ku Nkhata Bay, wina Myao, wina Mchewa wa konkuno. Usiku wonse moyo wa aliyense uli m'manja mwa anzake, ndipo m'mawa kagawidwe ka ndalama ndi ka ndiwo kamayang'anitsitsidwa ndi onse. Waulesi pokoka, kapena wobisa nsomba, salembedwanso, ndipo mbiri yake imafika pamadoko ena iye asanafike.

Robert Trivers analongosola mu 1971 kuti kuthandiza amene si m'bale kungathe kuchuluka ngati awiriwo amakumana kawirikawiri, amakumbukirana, ndipo thandizolo ndi lotsika mtengo kwa wopereka koma lalikulu kwa wolandira. Makolo athu anati kupatsa n'kuika. Gerald Wilkinson anaona zimenezi mu 1984 pa mileme yoyamwa magazi ya ku Costa Rica, imene imafa ikatha masiku pafupifupi 3 osadya: wokhuta amasanzira magazi m'kamwa mwa mnzake wogona ndi njala, makamaka amene anamuchitirapo zomwezo. Trivers anapitiriza kunena kuti kuthokoza, kukwiyira wachinyengo ndi kudziimba mlandu ndi zimene zimalondera ubwenzi wotere kuti usalowe mbala.

Kubwezerana kokha si umunthu. Nsadzu imatsogolera munthu kumene kuli njuchi, munthu n'kutenga uchi, mbalame n'kudya phula. Claire Spottiswoode ndi anzake anasonyeza mu 2016, pakati pa Ayao ofula uchi a ku Niassa ku Mozambique, kuti mlenje akaitana ndi kaitanidwe kawo kapadera, mwayi wopeza njuchi umakwera kuchoka pa 17 kufika pa 54 pa maulendo 100 alionse. Awa ndi malonda chabe, ndipo nsadzu sichita manyazi. Chochititsa chidwi ndi munthuyo, amene amauza ana ake kuti ukaimana phula mbalameyo idzakutsogolera kwa njoka kapena kwa mkango. Munthu amaona mangawa ndi chilango ngakhale pakati pa iye ndi mbalame.

Chimene chimatisiyanitsa, mmene ine ndikuonera, ndi munthu wachitatu, amene sanalakwiridwe koma amalowererapo. Kumudzi, munthu wosapita kumaliro a anzake, tsiku limene zovuta zagwa pakhomo pake adzukulu amakhala pansi osagwira khasu kufikira atapereka chindapusa, ndipo ambiri mwa adzukuluwo sanawalakwire iwo mwachindunji. Christopher Boehm, atasanthula zolembedwa za mitundu yokhalira kusaka ndi kutola zakutchire, anapeza kuti pafupifupi kulikonse gulu limagwirizana kugwetsa wodzikuza ndi womana nyama, poyamba pomuseka, kenako pomusala, ndipo zikakanika pomupha. Anthu onga ife takhalapo padziko zaka pafupifupi 300,000, ulimi sunapitirire zaka 12,000, choncho nthawi yaitali kwambiri makolo athu anakhala m'magulu aang'ono mmene mbiri yoipa inali ngozi yeniyeni pa moyo. Amene anali ndi mtima womuletsa yekha asanagwidwe ndi amene anakhalitsa n'kusiya ana. Kusowa tulo kumene aphunzitsi akufunsa kungakhale kochokera kumeneko.

Chitsanzo chamoyo ndi chilumba cha Mbenji, m'nyanja yathu ino kuno ku Salima. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ufumu wa a Makanjira wakhala ukutseka usodzi pachilumbacho m'nyengo ya dzinja, kuyambira mu Disembala n'kutsegula mu Epulo, kuti utaka uswane. Mowa, chamba ndi juga n'zoletsedwa, akazi safikako, ndipo wophwanya malamulo amathamangitsidwa. Msodzi aliyense payekha akanapindula kupha nsomba nthawi yotseka, koma lamuloli lakhala zaka zonsezi chifukwa asodzi amayang'anirana okha ndipo amaona wakuba nsomba zoswana ngati wolakwira onse. Lamulo la Disembala silili m'majini a munthu. Chimene chilimo ndi mtima wotha kulandira lamulo ngati lako, kukwiyira woliphwanya ndi kuchita manyazi ukaliphwanya wekha.

Kuti malamulo amatsatira kakhalidwe ka anthu, Joseph Henrich ndi anzake anasonyeza mu 2001 pa mitundu 15. Munthu amapatsidwa ndalama kuti agawireko mnzake wosamudziwa, ndipo mnzakeyo akakana gawo lake onse amataya. Amachiguenga a ku Peru, amene banja lililonse limadzidalira lokha, ankapereka pafupifupi 26 pa 100, ndipo sikunali kukana kwenikweni. Alamalera a ku Indonesia, amene amasaka anamgumi m'mabwato a anthu ambiri, ankapereka pafupifupi 58 pa 100. Ndikanakonda wina atadzayesa alovi athu.

Za msodzi wodziponya m'madzi uja, mtima wake unaumbidwa m'nthawi imene womira aliyense amene ungamuone anali m'bale kapena mnansi, ndipo mtimawo sufunsa chiphaso usanalumphe.

Bambo Chirwa, Nkhotakota

Ndine mkulu wa mpingo, ndipo ndawerenga zonsezi popanda kukhumudwa, pakuti Paulo yemwe, pa Aroma 2, ananena kuti anthu a mitundu ina amene alibe chilamulo amasonyeza kuti ntchito ya chilamulo inalembedwa m'mitima yawo. Ngati asayansi apeza njira imene inalembedwera, ine sindiona chotsutsana. Koma achimwene a Banda ndi mayi Naphiri ayankha funso loyamba lokha, ndipo lachiwirilo ndilo lolemera.

Kuno ku Nkhotakota timakhala pamalo amene, kuyambira m'zaka za m'ma 1840, Jumbe Salim bin Abdallah ndi omulowa m'malo ankasonkhanitsa akapolo zikwizikwi chaka ndi chaka, kuwaolotsa nyanja pa zombo n'kuwayendetsa wapansi mpaka ku Kilwa, doko la kugombe la nyanja ya India m'dziko limene lero ndi Tanzania. David Livingstone anakumana ndi Jumbe pansi pa mtengo umene ulipobe, ndipo malondawo anapitirira mpaka m'zaka za m'ma 1890. Amene ankagwira ndi kugulitsa anthuwo sanali Aswahili okha. Munali mafumu ndi anthu akonkuno, monganso Azungu anachitira malonda omwewo kwa zaka mazana ku nyanja ya Atlantic. Anthu onsewa anali ndi majini omwe mwafotokozawa. Ankakonda ana awo, ankagawana chakudya ndi anzawo, ankakwiyira wowabera pamalonda, ndipo ndikhulupirira kuti ambiri ankagona tulo tabwino. Chifundo chawo chinali ndi malire, ndipo womangidwa goli anali kunja kwa malirewo.

Sayansi yanuyo imavomereza zimenezi. Jane Goodall, amene anayamba kuphunzira achimpanzi ku Gombe m'mbali mwa nyanja ya Tanganyika mu 1960, anaona kuyambira mu 1974 mpaka 1978 gulu limodzi likupha amuna a gulu lina mmodzimmodzi kufikira linatha, chonsecho anali anyani amene kale anali gulu limodzi ndipo ankapesana ubweya. Ngati kutonthoza wogonja tinakutengera kwa makolo akale, kusaka mlendo pamalire tinakutengeranso komweko. Tsono chilengedwe chinatipatsa zonse ziwiri, ndipo sichinena kuti titsate chiti.

David Hume, woganiza mozama wa ku Scotland, analemba cha m'ma 1740 kuti sungachoke pa mawu ofotokoza mmene zinthu zilili n'kufika pa mmene ziyenera kukhalira popanda kuonjezapo mfundo ina. Thomas Huxley, mnzake wa Darwin amene anamuteteza kwambiri, ananena mu 1893 ku Oxford kuti kupita patsogolo kwa makhalidwe kumadalira kulimbana ndi njira ya chilengedwe, osati kuitsanzira. Ndikamafunsa chimene chinachititsa anthu kuona kapolo ngati munthu mnzawo, ndimapeza ulaliki, mikangano ya m'nyumba za malamulo, umboni wa akapolo omasulidwa ndi kuukira kwa akapolo eni ake, ndipo zonsezi zinachitika m'mibadwo yochepa kwambiri moti majini sakanasintha. Ndikudziwa kuti Baibulo lomwelo ena analigwiritsa ntchito poteteza ukapolo, ndipo sindibisa. Koma lero mpingo ukasonkha chimanga cha anthu okokoloredwa ndi madzi ku Nsanje, kapena abale athu achisilamu akapereka zakaati imene idzafika kwa munthu amene sadzamuona, pali chiphunzitso chimene chakankha malire aja, ndipo aphunzitsi asalole ophunzira kuganiza kuti Biology yalowa m'malo mwake.

A Nambewe, Khombedza

Ndimagwira ntchito yachipatala, ndipo ndingoikapo za ubongo. Mu 1848 ku Vermont, ku America, chitsulo chinabaya mutu wa Phineas Gage, kapitawo wa ntchito yomanga njanji, n'kuwononga mbali yakutsogolo ya ubongo. Anachira, ankayenda ndi kulankhula, koma dokotala wake analemba kuti munthu amene anali wodalirika anasanduka wotukwana ndi wosasunga pangano. Nkhani yake ena anaikometsera, koma gulu la Antonio Damasio linadzapeza zofanana mwa odwala ambiri ovulala malo omwewo: nzeru zilipo, malamulo amawadziwa, koma mtima suwagunda akamalakwa. Ovulala ali makanda ndiwo amavutika koposa, chifukwa ngakhale malamulowo sawaphunzira bwino.

Mankhwala a okisitosini, amene timabaya mayi akangobereka kuti chiberekero chibwerere ndipo asataye magazi, ndi homoni yomwe thupi limapanga lokha poyamwitsa, ndipo mwa nyama zoyamwitsa imathandiza kumanga chikondi cha mayi ndi mwana. Carsten De Dreu, amene panthawiyo anali ku Amsterdam, anafalitsa mu 2010 zosonyeza kuti amuna opatsidwa homoniyi m'mphuno amakondera kwambiri a gulu lawo ndi kuliteteza kwa akunja. Kafukufuku wa mtunduwu akukayikiridwa ndi ena, koma akugwirizana ndi zimene bambo Chirwa anena za malire.

Thupi lokha silikwanira. Ana amene anapezeka m'nyumba za ana amasiye ku Romania utagwa ulamuliro wa Ceaușescu mu 1989 ankadyetsedwa koma osanyamulidwa kapena kulankhulidwa, ndipo ambiri amene anakhalitsamo anakula ndi vuto lomangana ndi anthu, pamene otengedwa msanga n'kuleredwa m'mabanja anachira kwambiri. Choncho kufunsa ngati tinabadwa nacho chifundo kapena tinaphunzitsidwa n'kugawa chinthu chimene m'thupi sichigawika, pakuti ubongo wa khanda umabadwa ukuyembekezera kuberekedwa kumsana ndi kulankhulidwa kuti umalize kukula.

A Mwale, Salima boma

Ndathokoza nonse. Chatsala chimodzi chimene ndikudziwa kuti ophunzira adzafunsa. A Banda mwayamikira mkwiyo wa munthu wachitatu, koma mkwiyo womwewo ndi umene umawotcha wakuba pamsika ndi kugenda agogo onamiziridwa ufiti. Kodi ndiwauze kuti zimenezi n'zachibadwa? Ndikuopa kuti akamva choncho adzaganiza kuti ndavomereza.

A Naphiri, Chipoka

Aphunzitsi, auzeni kuti n'zachibadwa, kenako muwafunse ngati malungo si achibadwa. Ernst Fehr ndi Simon Gächter anasonyeza mu 2002 ku Switzerland kuti anthu amalolera kutaya ndalama zawo kuti alange wokana kusonkha m'thumba la gulu, ngakhale akudziwa kuti sadzakumananso naye, ndipo chilangocho chikaloledwa kusonkha kumakwera. Koma mu 2008 Gächter ndi anzake atayesa zomwezo m'mizinda 16 ya m'mayiko osiyanasiyana, anapeza kuti m'mizinda ina anthu ambiri ankalanga osonkha mowolowa manja, ndipo kumeneko chilango sichinakweze mgwirizano kwenikweni. Zimenezi zinkachitika makamaka m'mayiko mmene anthu sakhulupirira malamulo ndi makhoti. Mkwiyo ndi umodzi, koma umene udzagwere umadalira zimene zauzungulira.

Mkwiyo umenewu unaumbidwa m'gulu la anthu ochepa odziwana kuyambira ubwana, mmene wolakwa ankadziwika bwino ndipo chilango chinkayamba ndi kuseka. Pamsika wa Kamuzu Road pali anthu mazana osadziwana, mfuu imodzi yakuti "wakuba" imakwanira, ndipo palibe amene angachitire umboni za khalidwe la wogwidwayo. Bwalo la mfumu, kumene woimbidwa mlandu amapatsidwa mpata wolankhula ndipo mboni zimafunsidwa, komanso khoti la boma, ndi zinthu zimene anthu anazipanga kuti mkwiyowo uchedwe kufikira choona chitadziwika. Lamulo la za ufiti la mu 1911, limene likugwirabe ntchito, limati wolozera mnzake ufiti ndiye wapalamula. Lamulo la ku Mbenji loletsa akazi, limene a Banda alitchula mongodutsa, nalonso n'lopangidwa ndi anthu, ndipo anthu angathe kulikambirana popanda kufunsa majini.

Ngati muli ndi mphindi 40 zapadera, yesani masewera a Henrich aja m'kalasi. Gawani ophunzira pawiri m'zipinda zosiyana, aliyense wa chipinda choyamba mumupatse maswiti 10, alembe papepala lopanda dzina kuti apereka angati, ndipo wa chipinda chachiwiri alembe ngati walandira kapena wakana, podziwa kuti akakana onse awiri sapeza kanthu. Mukatha, bwerezani koma mayina alembedwe ndipo awerengedwe mokweza. Kachitatu, auzeni kuti mapepalawo akupita kwa ophunzira a sukulu ina imene mumapikisana nayo pa mpira. Lembani pabolodi avereji ya maulendo atatuwo, ndipo muwerengenso kuti ndi angati anakana maswiti 2 kapena 3 n'kusankha kubwerera chimanjamanja.